DZANZI LA KACHALA KAKANG'ONO: MTSEMPHA WOPANIKIZIKA PA CHIGONGONO

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'chigawo cha za umoyo. Taisindikiza pano kuti mafumu ndi anyakwawa a ku Ludzi ndi madera ena a boma la Mchinji aiwerengere anthu ao pa bwalo.

Madzulo ano sitikamba za fodya kapena mtedza ai, koma za dzanja limene lilima fodyayo ndi mtedzawo.

Ndiyambe ndi funso. Kodi munagundapo chigongono chanu pa chitseko kapena pa ngolo, ndi kumva kanthu kuthamanga ngati moto kuchokera pa chigongonopo kufikira ku kachala kakang'ono? Ndikhulupira kuti nonse mwavomera. Chimene munagunda tsiku limenelo si fupa, koma mtsempha. Dzanzi lake linatha musanamalize n'kudandaula komwe. Koma alipo anthu ena m'midzi mwathu amene dzanzi lomwelo liwakhalira masabata ndi miyezi, osachoka. Nkhani yanga ndi ya anthu otere, ndi ya zimene madotolo angathe kuwachitira, ndi mpeni kapena popanda mpeni.

Mau amene ndifuna muwasunge ndi awa: chimene dotolo adzatha kukuchitirani chidalira tsiku limene mwafika kwa iye. Wofika msanga kawirikawiri safuna mpeni konse. Wofika mochedwerako afuna opareshoni yaing'ono. Wofika patapita zaka afuna opareshoni yaikulu, ndipo ngakhale imeneyo siimbwezera zonse zimene anataya.

MTSEMPHA UMENEWU NDI WOTANI?

M'chinenero chathu dzina lakuti mtsempha titchula nalo zinthu zitatu. Ulipo mtsempha wa magazi. Ulipo mtsempha wolimba uja umene ulumikiza mnofu ku fupa, umene muuona pa mwendo wa mbuzi mukapha. Ndipo ulipo wachitatu, woyera ngati chingwe cha thonje, umene mulibe magazi m'kati mwake koma muyenda mauthenga. Wachitatuwu ndiwo tikunena. Ntchito yake ifanana ndi ya waya wa lamya. Utenga mau kuchokera ku ubongo kunka ku minofu kuti, "Gwira khasu," ndipo ubweza mau kuchokera ku khungu kuti, "Mphika watentha," kapena, "Walasidwa ndi munga."

Dzanja liri ndi mitsempha itatu ikuluikulu ya mtundu umenewu. Umene tikunenawu madotolo autcha ulnar. Uchokera m'khosi, udzera m'khwapa, utsika ndi mkono, ndipo pofika pa chigongono upita kumbuyo kwa kamfundo ka fupa kamene kali mbali ya ku nthiti. Gwirani kamfundo kameneko tsopano lino pamene mulikumvera. Kumbuyo kwake mupeza kangalande. Mtsempha ugona m'menemo, ndipo pamwamba pake pali kalamba kolimba kamene kavindikira kangalandeko, monga umo mlatho waung'ono uvindikira madzi pa mseu.

Ukatuluka m'menemo utsika ku dzanja. Upatsa kumva ku kachala kakang'ono, ku theka la chala chotsatana nako, ndi m'mphepete mwa chikhatho. Ulamuliranso timinofu tambiri tating'ono ta m'dzanja, timene titambasula zala ndi kuzibweza pamodzi, ndi kulimbitsa chala chachikulu potsina. Tsono bambo wosoka fodya, mai wotong'ola chimanga, telala wolowetsa ulusi pa singano, onsewo adalira mtsempha umenewu ngakhale sadziwa dzina lake.

Vuto lake ndi lakuti pa chigongono ulibe mnofu woutchinjiriza. Ndiponso munthu akapinda chigongono kwambiri, mtsempha ukokeka ngati chingwe chomangidwa mozungulira mtengo, ndipo mpata wa m'kangalandemo uchepa kufikira pafupifupi theka.

ZIMENE ZIUPANIKIZA

Choyamba ndi chizolowezi. Munthu wogona atapinda mkono pansi pa mutu usiku wonse, wokhala masiku ambiri posankha fodya atatsamiza chigongono pa bondo kapena pa thabwa, wogwira lamya ya m'manja ku khutu nthawi yaitali, onsewa afinya mtsempha pang'onopang'ono. Amene ali ndi nthenda ya shuga mitsempha yao siichedwa kuvulala ndi kufinyika kotere.

Chachiwiri ndi fupa limene linathyoka kale. Chaka ndi chaka, nyengo ya mango, ana agwa m'mitengo ndi kuthyoka pa chigongono. Fupa likalumikizika mokhota, mkono ukula mopotoka, ndipo mtsempha ukokeka tsiku ndi tsiku. Mwanayo samva kanthu. Dzanzi lidza patapita zaka 10 kapena 20, munthu ali ndi banja kale ndipo anaiwala za mtengo wa mango uja.

Chachitatu ndi khate. Ndidziwa kuti ena mwadzidzimuka pakumva dzinali, koma khalani phee, ndibwererako posachedwa.

MUNGAZINDIKIRE BWANJI?

Nthendayi idza ndi masitepe. Poyamba dzanzi lidza ndi kuchoka, makamaka usiku kapena mutapinda mkono nthawi yaitali. Pambuyo pake dzanzi likhala osachoka, ndipo dzanja liyamba kufooka: ndalama zigwa, batani la malaya livuta, kiyi sazungulira pa loko. Potsiriza minofu ifota. Kumbuyo kwa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, paoneka dzenje, ndipo zala ziwiri zotsiriza zipindika ngati zikhadabo za nkhuku, osawongoka.

Mungathe kudziyesa nokha ndi kapepala. Kapaneni pakati pa kachala kakang'ono ndi chala chinzake, zala ziri zowongoka, ndipo mnzanu akoke. Yesani dzanja lamanja, yesaninso lamanzere. Ngati kwina kapepala kasolotoka mosavuta, mtsempha wa dzanja limenelo suli bwino.

Koma si dzanzi lonse lichokera pa chigongono. Dzanzi la chala chachikulu, cha mkombaphala ndi cha pakati kawirikawiri ndi la mtsempha wina wofinyika polumikizira dzanja ndi mkono. Dzanzi la mapazi onse awiri ndi manja omwe lingadze ndi shuga, mowa, kapena mankhwala ena. Lina lichokera m'khosi. Ndipo ngati mkono wonse wafooka mwadzidzidzi, kamwa n'kupotoka, kuyankhula n'kuvuta, imeneyo ndi sitiroko. Musadikire kuti kuche, thamangani naye ku chipatala.

ZA KHATE

Ife a boma la Mchinji nthenda iyi si yachilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1950, pamene boma lino linkatchedwa Fort Manning, Boma linamanga chipatala cha odwala khate pa Kochilira, ndipo akuluakulu ambiri a ku Ludzi akumbukira achibale amene anakakhala kumeneko. M'zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA la ku Britain linayamba ntchito yaikulu m'dziko muno yotengera mankhwala ku midzi pa galimoto ndi pa njinga. Pofika chaka cha 1994 Malawi anakwanitsa muyeso wa bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO, wakuti odwala asafike munthu 1 pa anthu 10,000 ali onse. Koma kuchepa si kutha ai. Odwala atsopano apezekabe m'dziko muno chaka ndi chaka, ndipo ambiri afika manja ataonongeka kale, chifukwa anthu anaiwala zizindikiro zake.

Khate si ufiti, si temberero, ndipo mwana sabadwa nalo. Ndi kachilombo kamene dotolo wa ku Norway, dzina lake Hansen, anakapeza m'chaka cha 1873. Kakhoza kukhala m'thupi zaka 5, nthawi zina kufikira 20, kasanaonekere. Kachilomboka kakonda malo ozizira a thupi, ndiwo khungu ndi mitsempha imene iri pafupi ndi khungu. Chifukwa chake mtsempha wa pa chigongono ndiwo umene khate liononga kawirikawiri kuposa yonse ya m'mkono. Mtsempha utupa, ukula, nthawi zina kufanana ndi pensulo, ndipo popeza kangalande kaja sikakula nao, ufinyika m'nyumba yake yomwe.

Tsono ngati dzanzi la kachala lidza pamodzi ndi mawanga otuwa kapena ofiirira pa khungu, osayabwa, amene samva mukawakhudza ndi nthenga ya nkhuku munthu atatsinzina, pitani mukayezetse. Mankhwala ake ndi aulere. Ndi atatu ophatikizana, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, ndipo amwedwa miyezi 6 kapena 12 monga mwa kukula kwa nthenda. Munthu akangoyamba kumwa, sachedwa kuleka kupatsira anzake, chotero palibenso chifukwa chomchotsera pa mudzi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musabise mkono m'chikhotho chifukwa cha manyazi.

THANDIZO LOPANDA MPENI

Munthu wofika dzanzi likadali lodza ndi kuchoka, dotolo sathamangira mpeni. Amuuza kuti aleke kutsamira chigongono, ndi kuti pogwira ntchito aziwongola mkono kawirikawiri. Usiku akulunge chitenje kapena thaulo mozungulira chigongono, osathina, kuti mkono usapindike iye ali m'tulo. Ambiri achira ndi zimenezi zokha pa miyezi iwiri kapena itatu.

Kwa wodwala khate amene mtsempha wake watupa, ulipo mankhwala ochotsa kutupa otchedwa prednisolone, amene amwedwa miyezi ingapo mochepetsa pang'onopang'ono. Athandiza kwambiri ngati kufookako sikunapyole miyezi 6. Awa si mankhwala ogula pa msika kapena oleka pa njira, ayenera kutsatidwa ndi a chipatala.

Chimene sichithandiza ndi kutema mphini pa chigongono. Mtsempha uli pansi pa khungu pomwepo. Lumo likhoza kuucheka, ndipo chipsera chake chiumanga koposa kale.

OPARESHONI ZITATU

Ngati miyezi yapita osasintha, kapena dzanja layamba kufooka ndi kufota, nthawi ya mpeni yakwana. Dotolo ayamba wayesa kumva ndi mphamvu ya zala, ajambula fupa ngati linathyokapo, ndipo ku zipatala zazikulu nthawi zina apima ndi makina liwiro limene mauthenga ayendera mu mtsemphamo. Atatero asankha imodzi mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kumasula mtsempha pomwe uli. Dotolo acheka khungu utali wa chala chimodzi kumbuyo kwa kamfundo kaja, adula kalamba kovindikira kangalande ndi zina zonse zothina, ndi kusiya mtsempha pa malo ake. Ziri ngati kutsegula ngalande yotsekeka kuti madzi apite, osakumba ina. Dotolo wa ku Liverpool, dzina lake Osborne, ndiye anafotokoza bwino za kalamba kameneka m'chaka cha 1957. Opareshoniyi siitha ola lathunthu, ndipo ingachitike munthu ali maso, atangombaya jakisoni wophera ululu pa mkono. Ku maiko ena aichita ndi kagalasi kolowetsa pa kabala kakang'ono, koma zotsatira zake sizisiyana kwenikweni ndi za kucheka kwa masiku onse.

Njira yachiwiri ndi kusamutsa mtsempha. Dotolo auchotsa kumbuyo kwa kamfundo ndi kuugoneka kutsogolo kwa chigongono, kumene sukokekanso munthu akapinda mkono. Ziri ngati kupatutsa njira kuti isakwerenso chulu. Iyi ndi opareshoni yakale kwambiri, pakuti dotolo wa ku New York, dzina lake Curtis, anailemba m'chaka cha 1898. Mtsempha angauike pansi pa khungu ndi mafuta pokha, kapena angaukwirire pansi pa mnofu, makamaka kwa munthu woonda. Bala lake ndi lalitali, ndipo ngati mnofu unadulidwa ndi kusokedwanso, mkono ufuna kupuma nthawi yaitali. Njira imeneyi iyenera anthu amene chigongono chao chinapotoka ndi kuthyoka kwakale, amene mtsempha wao udumpha pamwamba pa kamfundo akapinda mkono, ndi amene anamasulidwa kale koma dzanzi linabweranso.

Njira yachitatu ndi kupala fupa. Dotolo amasula mtsempha, ndi kuchotsako gawo la kamfundo kaja kuti mtsempha upite wokha kutsogolo popanda chopunthwitsa. Apa ndiye kugumula chulu chomwecho. Ubwino wake ndi wakuti mtsempha sausuntha kwambiri. Kuipa kwake ndi kwakuti fupa lipweteka nthawi yotalikirapo, ndipo likachotsedwa lochuluka chigongono chikhoza kugwedera.

Kwa wodwala khate, mpeni ubwera pambuyo pa mankhwala, osati m'malo mwake. Dotolo aganiza zomasula mtsempha ngati ululu sukutha ngakhale munthu alikumwa prednisolone, kapena ngati m'kati mwa mtsempha mwachita mafinya amene ayenera kutulutsidwa.

NANGA YOPAMBANA NDI ITI?

Anthu ambiri aganiza kuti bala lalikulu ndilo lichiritsa koposa. Madotolo naonso anakangana za ichi zaka zambiri. M'chaka cha 2005 madotolo a ku Netherlands anafalitsa zimene anapeza pa odwala 152 amene anawagawa pawiri mwa maere, ena kuwamasula chabe, ena kuwasamutsa mtsempha pansi pa khungu. Patapita chaka, kuchira kwa magulu awiriwa sikunasiyane kwenikweni, koma zovuta za pa bala zinachuluka pafupifupi katatu mwa amene anasamutsidwa. Madotolo a maiko ena anayesanso ndi kupeza zofanana. Chifukwa chake masiku ano, ngati fupa liri lowongoka ndipo mtsempha sudumpha, ambiri ayamba ndi njira yoyamba ija. Tsono dotolo akakuchekani pang'ono, musati wakunyengani kapena wachita ulesi.

Opareshoni iriyonse iri ndi zoopsa zake, ndipo nkwabwino kuzidziwa musanavomere. Bala likhoza kuchita mafinya kapena kusonkhanitsa magazi. Pafupi ndi chipsera pakhoza kutsala malo a dzanzi kapena opweteka, chifukwa timitsempha ta khungu tidutsa pomwepo. Kwa ena dzanzi silitheratu, kwa ena libweranso. Funsani dotolo mafunso atatu: Mudzachita njira iti? Chifukwa ninji imeneyo? Ndidzagwira khasu liti? Kufunsa si mwano ai.

KUCHIRA KWAKE

Ulusi achotsa patapita masiku 10 kufikira 14. Zala muyamba kuzigwedeza tsiku lomwelo, ndipo mkono muukweza pa mtsamiro kuti usatupe. Bala likhale louma, osalipaka phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Womasulidwa chabe akhoza kuyamba tintchito topepuka patapita masabata awiri, koma khasu ndi nkhwangwa zidikire mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Amene mtsempha wake unakwiriridwa pansi pa mnofu angadikire kufikira miyezi itatu.

Bala lipola msanga, koma mtsempha supola msanga. Ngati timaulusi ta m'kati mwake tinafa, tiyenera kumeranso kuchokera pa chigongono kunka ku zala, ndipo timera milimita 1 yokha pa tsiku, ndiye kuti inchi imodzi pa mwezi. Pimani nokha kuchokera pa chigongono kufikira ku dzanja: apyola masentimita 30. Ndi ulendo wa pafupifupi chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Mnofu umene wasiya kulandira mauthenga sudikira mpaka kale. Pakapita chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, ufota kotero kuti ngakhale mtsempha ufike, supezanso wouyankha. Tiyerekeze alimi awiri a mudzi umodzi amene dzanja linayamba kufooka mwezi umodzi. Woyamba apita ku chipatala mwezi womwewo, amasulidwa, ndipo mtsempha wake ufika ku zala minofu ikadali moyo. Wachiwiri anena, "Ndiyambe ndakolola," akolola, anenanso, "Ndiyambe ndagulitsa fodya," ndipo zaka ziwiri zipita. Dotolo amchita opareshoni yomweyo, ndi mpeni womwewo. Ululu uchepa, nthenda ileka kukula, koma dzenje la pa dzanja silidzadzanso.

Ngati dotolo wanena kuti nthenda yanu ndi yaing'ono ndipo ikhoza kudikira, pemphani kuti opareshoni ichitike mutakolola, m'miyezi ya June ndi July, kuti pofika nthawi yogalauza mukhale mutachira. Koma ngati minofu yayamba kufota, musawerenge nyengo. Munda wa chaka chimodzi angakulimireni achibale, koma dzanja palibe angakubwerekeni.

OPARESHONI YA OFIKA MOCHEDWA

Nanga amene zala zao zinapindika kale, kodi atayike? Iai. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dotolo wa Chingerezi, Paul Brand, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Vellore ku India, anayamba kukonza manja a odwala khate m'njira ina. Popeza minofu yaing'ono ya m'dzanja inafa, iye anatenga mtsempha wokoka wa mnofu wina wamoyo wa m'mkono, naugawa timizere, nausokera ku zala zopindika. Ziri ngati ng'ombe ina yafa pa goli, ndipo mumangapo ina ya m'khola lomwelo. Njira zotere zichitikabe mpaka lero, kwa odwala khate ndi kwa ena omwe.

Koma opareshoni imeneyi iri ndi malamulo ake. Nthenda ikhale itagona, pasakhale chilonda, ndipo mfundo za zala zikhale zofewa, zoti munthu akhoza kuziwongola ndi dzanja linalo. Chotero wodikira opareshoni aziviika dzanja m'madzi tsiku liri lonse, kulipaka mafuta, ndi kuwongola chala chiri chonse mofatsa. Akachitidwa, dzanja likhala m'chikhakha masabata atatu kapena anai, ndipo pambuyo pake aphunzira kuligwiritsa ntchito mwatsopano.

Dziwaninso kuti opareshoni iyi ibweza kugwira, siibweza kumva. Brand yemweyo anaonetsa kuti khate silidula zala lokha monga anthu anena. Zala zitha chifukwa cha zilonda zimene munthu sazimva: kupsa ndi mphika, matuza a mpini, kuluma kwa khoswe usiku. Tsono wa dzanzi agwire mphika ndi nsalu, asalaze mpini wa khasu ndi kuukulunga, ndipo madzulo ali onse ayang'ane dzanja lake ndi maso, popeza maso ndiwo alowa m'malo mwa kumva.

KUMENE MUNGAPITE

Yambani pafupi. Uzani mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu, kapena pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha St Joseph pa Ludzi, cha Guilleme, cha Kochilira kapena cha Kapiri. Nenani bwino tsiku limene dzanzi linayamba, zala zimene zagwidwa, ngati munathyokapo muli mwana, ndipo onetsani mawanga onse ngakhale ali pobisika. Kuchokera apo adzakutumizani ku chipatala cha boma pa Mchinji, kumene kuli a za mafupa. Ofunika opareshoni ya mtsempha kapena ya zala atumizidwa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kumene m'chaka cha 2023 anatsegula chipatala chapadera cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION. Ana opotoka mafupa athandizidwanso ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi kalata yokutumizani, ndipo musaphonye tsiku limene akuuzani.

MAU KWA MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Tsono nditembenukire kwa inu eni midzi. Inu ndinu mupatsana moni wa m'manja ndi anthu ambiri kuposa wina ali yense. Pa maliro, pa milandu, pa msonkhano wa feteleza, manja a mudzi wonse adutsa m'dzanja lanu. Mukaona dzanja lofota, kapena munthu amene wayamba kubisa zala, muitaneni pambali, osati pa gulu, ndi kumfunsa mofatsa.

Mwana akagwa mu mtengo ndipo chigongono chatupa, musalole kuti angomangidwa timitengo pa khomo. Apite akajambulidwe tsiku lomwelo, pakuti fupa lowongoledwa bwino lero lipulumutsa mtsempha wa zaka 20 zikudzazo.

Munthu akapezeka ndi khate, letsani kumsala. Adye ndi anzake, atunge pa mjigo womwewo, ana ake apite ku sukulu. Limbikitsani a m'nyumba mwake kuti naonso akayezedwe khungu, ndipo onetsetsani kuti wamaliza mankhwala ake onse. Mudzi umene usala odwala ndiwo usunga nthenda, chifukwa wodwala wotsatira adzabisala.

Ndipo wina akabwera kuchokera ku opareshoni mkono uli m'nsalu, itanitsani dima kapena uzani achibale amlimire mizere yake mwezi umodzi kapena iwiri. Ambiri akana mpeni osati chifukwa choopa kufa, koma chifukwa choopa njala. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mukamtsimikizira kuti munda wake sugona, adzapita ku Lilongwe mtima uli m'malo.

Usiku uno musanagone, tengani kapepala, muyese zala zanu, muyesenso za a m'nyumba mwanu. Amene kapepala kamsolotoka, mawa lomwe alawirire ku chipatala.